Ntchito ikakuitanira ku Mitundu, banja lisatsale m'tauni

Lolemba m'mamawa, minibasi zochoka mumzinda wa Lilongwe kulowera ku Mitundu ndi ku Nathenje zimanyamula anthu ena amene sakupita kukapikula mbewu kapena kukazonda abale. Ndi aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi ndi apolisi, aliyense kachikwama ka zovala za sabata imodzi kali pamiyendo. Ena abwerera madzulo omwewo, ena aonekeranso Lachisanu. Ntchito yawo ili kumudzi, koma mkazi kapena mwamuna, ana ndi katundu wa m'nyumba zinatsala ku Area 36, kwa Chinsapo, ku Biwi kapena ku Kawale. Ambiri amati imeneyi ndi nzeru, munthu wapeza njira yogwirira ntchito ya kumudzi osataya moyo wa m'tauni. Ine ndikuona mosiyana. Kugawa banja pawiri chifukwa cha ntchito kumadya ndalama, kumafooketsa ntchito yomweyo, ndiponso kumaziziritsa chikondi cha pakhomo. Kawirikawiri banja limene lasamuka lonse limapeza bwino kuposa limene theka latsala m'tauni. Komabe mlanduwu si wa wantchito yekha, pakuti wolemba kalata yotumiza munthu kumudzi nthawi zambiri amaiwala kuti munthuyo ali ndi anthu omudalira.

Madera awiriwa akuonetsa vutoli bwino kuposa madera akutali. Nathenje ili pamsewu waukulu wa M1 wopita ku Dedza, ndipo Mitundu ili pamsewu umene umapatuka pa M1 n'kudutsa kufupi ndi Bunda, pamene pali sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya LUANAR. Kuchokera mumzinda, malo onsewa safika makilomita 50. Munthu wotumizidwa ku Chitipa kapena ku Nsanje alibe pothawira: amamanga katundu, apo ayi amakana ntchito. Koma wotumizidwa ku Nathenje amadzilimbitsa mtima kuti ndi pafupi, aziyendera. Chimene amachizindikira mochedwa n'chakuti dzina limene amva likhoza kukhala la dera lonse, osati la pamsika pamene minibasi imatsitsa anthu. Sukulu kapena chipatala chimene wapatsidwa mwina chili mkati, cha kumunsi kwa nkhalango ya Dzalanyama kapena kuseri kwa phiri la Ngala, kumene munthu akatsika minibasi amakweranso kabaza, ndipo mvula ikagwa usiku njinga imakanika kuwoloka dambo. Ndipo ntchito zoterezi sizidzatha, chifukwa anthu ali kumeneko. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 aliwonse m'Malawi amakhala kumidzi. M'boma la Lilongwe lenilenilo, okhala kunja kwa mzinda anapitirira 1.6 miliyoni pamene a mumzinda sanafike miliyoni imodzi. Mnyamata kapena mtsikana amene akuphunzira uphunzitsi kapena unamwino lero ayenera kudziwiratu kuti mwayi waukulu ndi wakuti ntchito yake yoyamba idzakhala kumudzi.

Tiyambe ndi ndalama, popeza ndi pamene anthu ambiri amadzinamiza. Banja logawika limalipira lendi kawiri: nyumba ya m'tauni ndi kachipinda ka pamsika. Limayatsa mbaula ziwiri, limagula makala pawiri, ufa pawiri, sopo ndi mchere pawiri. Pamwamba pa izi pali thiransipoti ya sabata ndi sabata, imene siitsika ikakwera. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta a galimoto anakwera ndipo mitengo ya minibasi inatsatira, ndipo nthawi zonse mafuta akasowa m'mapampu wokwera ndiye amalipira. Malipiro a mphunzitsi wa pulayimale kapena mlangizi wa zaumoyo sangasenze makomo awiri kwa nthawi yaitali. Mapeto ake ndi ngongole ya kubanki yodulidwa pamalipiro, kenako katapila. Tsono taonani banja limene lasamuka lonse. Mu Epulo ndi Meyi, chimanga chikauma, pamsika wa Mitundu pamadzaza ngolo ndi njinga zosenza matumba, mavenda atapachika masikelo awo m'mbali mwa msewu. Munthu wokhala komweko amagula chimanga cha chaka chonse kwa alimi eniake, pa nthawi imene mtengo uli pansi, n'kuchithira mankhwala n'kusunga. Mnzake wa m'tauni adzagula chimanga chomwecho ndi ndowa mu Januwale, chitadutsa m'manja mwa anthu atatu. Wokhala kumudzi akhoza kuchita lendi munda n'kudzala mtedza kapena soya, mbewu zimene zimachita bwino m'chigwa cha Lilongwe, akhoza kupempha kadimba ka masamba, akhoza kuweta nkhuku ndi mbuzi popanda landilodi womuletsa. Si kuti kumudzi zonse n'zotsika mtengo. Shuga, mafuta ophikira ndi simenti nthawi zina zimadula kuposa m'tauni. Koma zimene zimamaliza malipiro a banja, lendi ndi chakudya, kumeneko n'zopepukirapo.

Ntchito nayo imavulala. Mphunzitsi woyendera kuchokera m'tauni amafika ana ataimba kale nyimbo ya fuko, ndipo maso ake amakhala pa dzuwa kuopa kusowa galimoto yobwerera. Lachisanu masana kalasi imatsala ndi mtsogoleri wa ana atanyamula kandodo. Mayi woyembekezera sasankha ola, ndiye mzamba amene wagona kutali ndi chipatala ali ngati palibe. Mlangizi wa zaulimi ayenera kupeza mlimi m'munda mmawa dzuwa lisanatenthe, ndipo mbozi za ntchemberezandonda, zimene zakhala zikusautsa chimanga m'dziko muno kuyambira cha m'ma 2017, sizidikira Lolemba kuti mlangizi abwere. Koma pali china choposa maola a ntchito. Anthu akumudzi amamvera munthu amene amamuona pamaliro, pachitsime, patchalitchi kapena pamzikiti. Mphunzitsi amene mwana wake akuphunzira pasukulu yomweyo akauza makolo kuti aumbe njerwa za chimbudzi, makolo amadziwa kuti akunena zomukhudza. Amene amangobwera n'kumapita amapatsidwa ulemu wa mlendo, ndipo paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Munthu sauza mlendo chifukwa chenicheni chimene mwana wamkazi wasiyira sukulu.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu amasiyabe mabanja awo m'tauni? Yankho silikusoweka. Mu 2017 akatswiri a Banki Yaikulu ya Dziko Lonse pamodzi ndi a m'Malawi muno anatulutsa kafukufuku wa mmene aphunzitsi a pulayimale agawidwira. Anapeza kuti aphunzitsi aunjikana kufupi ndi misika ikuluikulu, ndipo kusiyana kwakukulu sikuli pakati pa boma ili ndi lina ayi, koma mkati mwa dera limodzi, pakati pa sukulu ya pamsewu ndi inzake ya mkati. Zimene zimakoka mphunzitsi ndi msewu, magetsi, madzi ndi kuyandikira kwa msika. Anapezanso kuti ena amadzera kwa andale ndi akuluakulu owadziwa kuti asatumizidwe kutali. Aliyense wodziwa Mitundu ndi Nathenje sangadabwe nazo: sukulu ya pamsika imakhala ndi aphunzitsi ochuluka, pamene ya mkati mphunzitsi mmodzi akulimbana ndi ana opitirira kwambiri 60, chiwerengero chimene boma linadziikira lokha. Boma linayesa kukonza izi mu 2010 poyambitsa alawansi ya aphunzitsi akumidzi ya K5,000 pamwezi. Koma alawansiyo inafalikira pafupifupi ku sukulu zonse za kunja kwa mizinda, moti wa pamsewu wa tala ndi wa kumapiri ankalandira zofanana. Ndalama yofanana siingakokere munthu kumalo ovuta. Ndipo ngakhale ikanapita kwa oyenera okha, alawansi imayankha funso la wantchito, osati la banja lake. Mayi amene mwamuna wake wabwera ndi kalata safunsa za alawansi poyamba. Amafunsa kuti tikagona kuti, madzi tikatunga kuti, ana akaphunzira kuti.

Pa mafunso amenewa lalikulu ndi la nyumba. Sukulu zambiri zakumidzi zili ndi nyumba zochepa kuposa aphunzitsi ake. Yabwinoko ndi ya ahedi, zotsalazo zinamangidwa ndi makolo kalekale: njerwa zomangira dothi, malata adzimbiri otsindiridwa ndi miyala, mawindo otsekedwa ndi makatoni, pansi simenti itakumbika moti tsache limatola mchenga tsiku ndi tsiku. Wobwera kumene amauzidwa kuti ayambe wagona m'chipinda chosungiramo mabuku, kapena afunefune nyumba m'mudzi. M'mudzi nyumba zochititsa lendi n'zosowa, chifukwa munthu amamanga yokhalamo yekha ndi ana ake. Apa m'pamene banja limagawikira. Bambo kapena mayi amati ndiyambe ndapita ndekha ndikaone, ena onse abwera zinthu zikakhala bwino. Miyezi imasanduka zaka, ana amazolowera kukhala opanda kholo limodzi, ndipo wantchitoyo m'malo mokhazikika amathera mphamvu zake kuyendera maofesi kupempha kusamutsidwa. Choncho ndikamati banja lisamuke lonse, ndikunenanso kuti khonsolo ya Lilongwe, maunduna ndi mipingo imene ili ndi sukulu ndi zipatala aleke kuona nyumba ya wantchito ngati chinthu chobwera pambuyo. Ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu zimakonda kupita ku midadada ya makalasi chifukwa mdadada umaoneka bwino pa tsiku lotsegulira. Koma kalasi yatsopano yopanda woiphunzitsa siithandiza mwana, ndipo nyumba ziwiri zabwino zokhala ndi chimbudzi, sola ndi mjigo pafupi zikhoza kusunga aphunzitsi awiri pamalo kwa zaka khumi.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo yolemera kwambiri ndi ya sukulu ya ana. Kholo limene mwana wake ali pasukulu yolipira m'tauni limaopa kumuchotsa n'kukamukhazika pansi pa mtengo ndi anzake zana. Manthawa ndi oona ndipo sindingawanyoze. Koma tiyeni tiyang'ane bwino. Sukulu zaboma za m'makomboni a Lilongwe nazonso n'zothithikana, makamaka chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ndipo sukulu zambiri zolipira zimene wantchito wamba angakwanitse zimaposa zaboma pa yunifolomu yokha. Mayeso a Sitandade 8 ndi amodzi dziko lonse, ochokera ku MANEB. Mwana wamng'ono chimene chimamukweza kwambiri ndi kholo limene limakhala naye madzulo, kumufunsa zimene waphunzira, kumuwerengetsa pa nyali ya sola. Mwana wa mphunzitsi kapena namwino amene akugona nyumba imodzi ndi kholo lake ali ndi mwayi umenewu tsiku lililonse, pamene wotsala m'tauni amaupeza Loweruka lokha, kholo litatopa ndi ulendo. Pali ana ena amene sayenera kusunthidwa: amene ali mu Sitandade 8 kapena Folomu 4, ndi amene ali ndi ulumali wofuna sukulu yapadera. Amenewo amalize kaye kumene ali, kwa wachibale wodalirika. Koma mwana wa Sitandade 2 si chifukwa chokwanira chogawira banja.

Mfundo yachiwiri ndi ya ntchito ya mnzako wa m'banja. Ngati mkazi ali pantchito yolembedwa mumzinda ndipo mwamuna watumizidwa ku Nathenje, kapena mwamuna ali m'tauni ndipo wotumizidwa ndi mkazi, palibe wanzeru amene angati mmodzi angotaya ntchito. Apa kuyandikira kwa madera awiriwa kukhoza kusanduka mwayi, koma moutembenuza: banja likhale pa Nathenje, ndipo wogwira ntchito m'tauni ndiye aziyendera. M'mawa magalimoto olowera mumzinda pa M1 sasowa, lendi ya ku Nathenje n'njotsika, ndipo ana amakhala ndi kholo limodzi pafupi tsiku lonse. Chimene chimalepheretsa nthawi zambiri si msewu koma maganizo akuti kukhala m'tauni ndiko kutukuka, ndiponso chizolowezi chakuti mkazi ndiye amatsata mwamuna. Chizolowezi chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene aphunzitsi aakazi achulukira m'mizinda, pamene atsikana akumidzi akukula osaona mayi wophunzira woti amutengere chitsanzo. Palibe lamulo loletsa mwamuna kutsata mkazi wake, ndipo m'dera la Achewa, kumene chikamwini n'chodziwika kuyambira kale, mwamuna wopita kumene kuli mkazi si chachilendo. Kwa amene amachita geni, kusamuka kumatanthauza kusiya makasitomala, ndipo miyezi yoyamba imawawa. Koma Mitundu ndi umodzi mwa misika ikuluikulu ya m'boma la Lilongwe. Telala, wokonza mafoni, wowotcherera zitsulo, wophika mandasi kapena ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba amapeza anthu, makamaka nyengo yokolola ndi yogulitsa fodya, ndipo magulu a banki m'khonde alipo m'midzi yambiri kwa wofuna mpamba woyambira.

Za chipatala n'zosavuta kuyankha kwa okhala kufupi ndi msewu. Ku Mitundu kuli chipatala chaboma, ku Nathenje kuli chipatala chaching'ono, chipatala cha mishoni cha Nkhoma sichili kutali ndi Nathenje, ndipo matenda akakula amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital. Kwa okhala mkati nkhani ndi ina, ndipo banja lokhala ndi wodwala matenda okhalitsa kapena mayi woyembekezera liyenera kufunsa za mtunda ndi msewu wa nthawi ya dzinja lisanakweze katundu.

Chimene anthu sachitchula poyera ndi mantha okhala pakati pa eni dera. Wokulira m'tauni, kapena wochokera ku Mzimba kapena ku Mulanje, amamva nkhani za ufiti ndi za gulewamkulu n'kuganiza kuti ana ake sakakhala pamtendere. Midzi ya kuno ndi ya Achewa ndipo gule ndi wamoyo, amatuluka pamaliro, pa chinamwali ndi polonga mfumu. Ndi mwambo umene bungwe la UNESCO linauzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, ndipo eni ake amafuna ulemu: mlendo sayandikira kudambwe, sanyoza, sajambula popanda chilolezo, ndipo amalangiza ana ake kupatuka akakumana ndi gule panjira. Zotsalazo ndi makhalidwe amene Mmalawi aliyense anaphunzitsidwa kwawo. Wofika kumene amakaonekera kwa a mfumu, ataperekezedwa ndi ahedi kapena wapampando wa komiti, kuti mudzi udziwe kuti kwabwera anthu. Maliro akachitika amapita, bambo kukakhala ndi amuna anzake, mayi kukathandiza kumoto ndi kambale ka ufa m'manja. Popita kumjigo amapereka moni ndipo amasonkha nawo ndalama yokonzera mjigo ukawonongeka. Apa m'pamene phindu la banja limaonekera bwino. Munthu wokhala yekha m'kachipinda amalowa m'mudzi movutikira, ndipo anthu amamukayikira, makamaka mwamuna amene akuphunzitsa ana aakazi a eni ake. Banja limalowa pa makomo ambiri nthawi imodzi: mayi kudzera kusikelo ndi kumvano kapena kwaya, ana kudzera kumpira wachikulunga, bambo kudzera kumaliro ndi kubawo. Pakatha chaka, anthu amayamba kuwatchula ndi dzina la mwana wawo, ndipo tsiku limene mwanayo wadwala usiku pamapezeka woyatsa njinga yamoto osayamba wafunsa za ndalama.

Palinso nkhani ya ukwati weniweniwo, imene ankhoswe amaidziwa bwino kuposa maofesi. Anthu awiri okhala kosiyana kwa zaka amayamba kukhala ndi miyoyo iwiri, aliyense ndi anzake, ndalama zake ndi zinsinsi zake. Foni imathandiza, koma siilera mwana ndipo siithetsa mkangano. M'dziko limene lavutika ndi HIV kwa zaka zambiri, kulekanitsa mabanja chifukwa cha ntchito si nkhani yaing'ono, ndipo mbiri ya amuna opita ku migodi ya ku Joni ndi ku Zimbabwe inatiphunzitsa kale zimene zimachitikira khomo limene mwini wake amangobwera mwa apo ndi apo.

Kusamuka kwabwino kumafuna nthawi, ndipo apa olemba ntchito akhoza kuthandiza popanda kuwononga ndalama zambiri. Kalata yofika mu Januwale, mvula ili pakati, chimanga chitakwera mtengo, ana ali mkati mwa teremu, imakakamiza munthu kupita yekha. Kalata yomweyo itafika mu Juni kapena Julayi, banja likhoza kukaona malo misewu ili youma, kugula chimanga chisanakwere, kupeza malo a ana sukulu isanatsegulidwe mu Seputembala, ndi kukambirana za munda mvula yoyamba isanagwe. Wantchito watsopano m'boma nthawi zina amadikira miyezi asanayambe kulandira malipiro, ndipo munthu wotero sangalipire lole yonyamula katundu, choncho ndalama yosamukira iyenera kubwera pamodzi ndi kalata, osati pambuyo pake. Kalatayo itchule dzina la sukulu kapena chipatala chenicheni, inene ngati pali nyumba ndi zipinda zake, mtunda wokafika kumjigo, kuchigayo ndi kuchipatala. Alangizi a maphunziro a pulayimale (PEA) ndi akuluakulu a zaumoyo m'madera amazidziwa kale zonsezi, changotsala n'kuzilemba. Ndipo pamene mwamuna ndi mkazi onse ali pantchito yaboma, mmodzi mphunzitsi wina namwino, palibe chovuta kuti maofesi awiriwo akambirane n'kuwatumiza dera limodzi, poti ku Mitundu ndi ku Nathenje sukulu ndi zipatala za mkati zikusowa anthu.